A Kafupa Akana Kusekedwa

Akuti a Kafupa a ku butchala anawachotsa m'sewero, ndipo iwo, mkwiyo utawakwera, anatseka butchala dzuwa lili paliwombo, nanyamula chikwanje chokulunga m'nyuzipepala kupita nacho kwa mtsikana wojambula zithunzi uja, amene ndiye mwini sewerolo. Akuti chitseko chinatsekedwa, m'katimo munamveka kukuwa, ndipo mtsikanayo anatuluka chala chili m'bandeji. Nkhaniyi inayamba ndi mayi wogulitsa tomato, inadutsa kwa wometa, ndipo pofika kwa okonza njinga chala chija chinali chitasanduka dzanja lonse. Ine ndinaikhulupirira theka. Theka linalo linakana, chifukwa a Kafupa ndi munthu woti akamapha nkhuku amayamba aipepesa. Koma nkhope imene anadutsa nayo mumsewu tsiku limenelo palibe anali ataionapo, ndiye theka lokhulupirira lija linali ndi pogwira.

Tiyambe ndi munthuyo, nkhani ya chikwanje itipeza kutsogolo.

A Kafupa ndi aafupi, otambalala, oti akaima pakhomo la butchala yawo kuwala sikulowa. Dzinalo si la makolo ayi, analipeza pa sikelo. Ukagula nyama amakuyezera bwinobwino, muvi nkuima pamene pafunika, kenako amatola kafupa koyera ngati dzino nkukaponya pamwamba.

"Ndakuikirani kafupa, mukasangalatse galu."

Ukati ulibe galu, amati, "Ndiye mukasangalatse apongozi."

Sukulu anaisiya pamene aphunzitsi anayamba kusakaniza manambala ndi zilembo m'samu imodzi. Anati zinthu ziwirizi aliyense azizisunga kwake, ndipo anapita kukathandiza bambo awo kudula nyama. Bambo aja atamwalira, butchala inatsala m'manja mwa iwo ndi mng'ono wawo. Ndi chipinda chimodzi cha matailosi oyera ong'aluka, chokhala ndi mbedza zachitsulo, chitsa chodulirapo mafupa chimene pakati pake panakumbika ngati mbale, ndi firiji yolira ngati ili ndi chifuwa. A Kafupa amavala epuloni yofika m'mawondo, ndipo munthu aliyense wolowa, kaya bwana kaya mwana wotumidwa, amayamba apukuta manja pamimba nkumupatsa moni wa dzanja ngati mlendo wochokera kutali.

Anthu ambiri amalowamo opanda chogula, kungofuna kuseka. A Kafupa amatha kutsanzira kayendedwe ka munthu aliyense wa mumsewu wathu, amayankhula ndi mutu wa ng'ombe nkumaufunsa maganizo ake pa za ndale, ndipo tsiku lina anamuyeza pa sikelo mwana wa mlongo wawo namuuza mayi wake kuti mafupa achuluka, abweze. Koma munthu woseketsa ali ndi tsoka limodzi: anthu amayamba kuseka asanatsegule pakamwa.

Tsokali linawapeza pamaliro a mng'ono wawo, amene anagundidwa ndi lole akupita kukatenga nyama. Itafika nthawi yoti wachibale alankhule, a Kafupa anaimirira, nakoka jekete imene sinkakumana pamimba, nati, "Abale anga..." Kumbuyo wina anati fwee, kudziletsa. Azimayi awiri anabisa nkhope m'nsalu mapewa akugwedezeka, ndipo sikunali kulira kumeneko. Mkulu woyendetsa mwambo anawagwira pamkono mwaulemu.

"Khalani pansi, achimwene. Alankhule ena."

Anakhala pansi. Mawu onse amene anakonzera mng'ono wawo anabwerera nawo kunyumba ali m'mimba. Sanadandaule kwa munthu, ndipo maliro atatha anatsegula butchala nayambiranso kuponya tizifupa. Koma kuyambira pamenepo, kukakhala msonkhano wa makolo kusukulu kapena nkhani ya banja yofuna akuluakulu, iwo ankakhala kumbuyo kwenikweni, manja ali pamimba, duu.

Tsidya lina la msewu kuli situdiyo ya zithunzi ya mtsikana wina wowonda ngati ndodo ya ambulera. Timamutcha Bwerezani, chifukwa kaya akukujambula kaya akukuphunzitsa sewero, mawu ake ndi amodzi omwewo: "Bwerezani." Ameneyu analemba sewero lake loyamba lalitali, nasonkhanitsa anthu a mumsewu momwemu oti alisewere. Tsiku lina analowa m'butchala.

"Malume, muli malo anu m'sewero langa. Chidakwa cha pafupi ndi nyumba. Simufunikanso kuphunzira, mungolowa, anthu agwa okha."

"Zikomo pondilemekeza, mwana wanga. Kupatula chidakwacho, mulinso ndani?"

Bwerezani anawawerengera: mayi, mtsikana wotomeredwa, bwana wa kampani yomanga, wamthenga, ndi bambo wina amene mwana wake wamwamuna anapita kutali kukagwira ntchito yomanga nyumba zosanja, nagwa pamwamba. Sewero lonse limakwera pang'onopang'ono kufikira pamene wamthenga agogoda pakhomo la bamboyo.

"Ndipatseni bamboyo."

Mtsikanayo anaseka. Kenako anaona kuti akuseka yekha. A Kafupa anali atasiya mpeni pachitsa, akumuyang'ana m'maso.

"Malume, bamboyo saseketsa."

"Nchifukwa chake ndikumufuna."

Anawayesa madzulo omwewo m'situdiyo, ndipo anadabwa. A Kafupa akatsitsa mawu, amatuluka mawu ena olemera amene ife sitinkadziwa kuti amawasunga. Anawapatsa bamboyo. Amene sanakondwe ndi a Kalaliki, mkulu wina wamtali wa imvi zoyera bwino, wopuma ntchito ya muofesi, amene amavala tayi ngakhale popita kukataya zinyalala. Iwo ankaona kuti bambo wolira ndi ulemu ndi iwowo basi, koma anapatsidwa bwana wa kampani, wa mawu ochepa. Sanakangane. Anangoloweza pamtima mawu onse a bambo uja, kuchitira mwina.

Asanalitsegule kwa anthu a matikiti ndi alendo ochokera kutali, Bwerezani anati seweroli liyambe lalawidwa kangapo ndi anthu a pafupi, masana, ulere, kuti aone pamene pakusowa mchere. Iye ankakhala pakona ya holo nkumayang'ana nkhope za oonera, osati za osewera. Holo yake ndi ija ya mabenchi ogwedera, mazenera otchingidwa ndi mabulangete obwereka, ndi katani yoyenda pa waya imene imafuna kuipempha kuti itseguke.

Kulawitsa koyamba kunadzaza. Za ulere sizisowa mboni. Anthu athu saonera sewero ali chete, amalithandiza. Mtsikana wotomeredwa atalandira mphatso ya bwana, azimayi anakuwa kuti, "Bweza, iwe! Ndi wabodza ameneyo!" A Kalaliki atalowa anawatukwana mokwanira, iwo nkumawerama ngati akuwathokoza. Zonse zinkayenda. A Kafupa atatulukira koyamba anthu anaseka ndithu, koma anazolowera, ndipo pakati pa sewero anali atayamba kuwamvera.

Ndiye kunagogodedwa. Wosewera wamthenga anali dalaivala wa minibasi, mnzathu wa nkhope yaitali ngati ya munthu amene galimoto yamufera panjira. Analowa chipewa chili m'manja. A Kafupa anaimirira kuti amupatse moni, ndipo holo inaphulika.

"Kafupa! Muikireni kafupa!"

"Muyezereni ya chiwindi, wachokera kutali!"

Dalaivala ananena kuti mwana wagwa pa nyumba yosanja, koma mawuwo anamva ndi iye yekha. A Kafupa anati, "Mwana wanga," ndipo wina kumbuyo anafunsa kuti, "Makilo angati?" Benchi imodzi inathyoka. Katani inatsekedwa anthu akupukuta misozi, koma misozi yake inali yolakwika.

A Kafupa sanagwe mphwayi. Anakhala pachitsa chawo m'mawa mwake nayamba kudziyeza ngati nyama. Anagamula kuti vuto ndi ndevu za pamlomo, zimene zimavina akamalankhula. Anapita kwa wometa.

"Chotsa zonse."

"Madala, ndevu zimenezi ndinazipeza ndikubadwa. Akunyumba akudziwa?"

"Iwe meta, usandifunse ngati nkhoswe."

Pa kulawitsa kwachiwiri anthu anaseka mlomo wamaliseche uja mpaka kukhuta, kenako anatonthola. Sewero linakwera bwino. Mayi wina anayamba kufwenthera pamene bamboyo ankakonza bedi la mwana wake poyembekezera kuti abwera pa tchuthi. Mtima wa a Kafupa unati lero ndi lero. Kunagogodedwa, anaimirira kupereka moni, ndipo holo inaphulikanso pamalo pomwe paja, ngati munthu wadina batani.

Anayamba kufunsa makasitomala. Munthu akati, "Ya mafupa, a Kafupa," iwo amati, "Ndikupatsani. Koma tandiuzani, paja mumaseka chiyani?" Funso lomwelo linkawaseketsa anthu. Mayi wa tomato, amene amakhala pakhonde la butchala ndipo ndiye nyuzipepala ya mumsewu wathu, anawayankha m'malo mwa onse.

"Timangoseka, achimwene. Ndinu basi. Inuyo ngakhale mutagona m'bokosi tidzayamba taseka kenako nkumalira."

A Kafupa anaseka nawo pang'ono, chifukwa ndi ntchito yawo. Koma tsiku limenelo palibe anaikiridwa kafupa.

Pa kulawitsa kwachitatu anagamula kuti ndi mimba. Anaizenga ndi nsalu ya akazi awo pansi pa malaya mpaka maso anatuzuka, nabwereka magalasi a wometa kuti aoneke ophunzira. Ankayenda pa siteji ngati munthu wameza ndodo. Anthu anachita mantha pang'ono, nakhala chete kudikira kuti aone ngati aphulike. Sanaphulike iwo. Inaphulika holo, pa moni pomwe paja. Gogo wina wa benchi yakutsogolo anachita kumutulutsa panja kuti akapume.

Anthu atatuluka, Bwerezani anawapeza kuseri kwa katani akumasula nsalu ija, thukuta lili kamukamu.

"Malume, tikambe."

"Kamba, mwana wanga."

"Kwatsala kulawitsa kumodzi. Akakaseka pamenepo, tsiku lotsegulira bamboyo asewera a Kalaliki. Sindikukudani. Paliponse mukuchita bwino, kuposa mmene ndinkaganizira. Koma sewero lonse lanyamulidwa ndi malo amenewo. Pakagwa pamenepo lagwa lonse, ndipo ena onsewa avutika pachabe."

Pakona, a Kalaliki ankapukuta magalasi awo, milomo ikuyenda yokha. Ankabwereza mawu a bamboyo.

"Ndamva," anatero a Kafupa. "Sunalakwe. Koma kumodziko ndi kwanga?"

"Ndi kwanu."

"Basi."

Tsono kunyumba kwa a Kafupa kuli mayi mmodzi amene sanasekepo nthabwala zawo chikwatirane. Si kuti ndi wankhanza. Amangoti anazimva zonse zikadali zaziwisi. Mayiwa amasoka mayunifolomu a sukulu pa makina a phazi, ndipo amalankhula ngati mawu amagulidwa. Pa kulawitsa kwachitatu kuja analipo, anakhala pafupi ndi khomo, osaseka, osalira, kungoyang'ana ngati akuyesa munthu malaya.

M'mawa mwake amuna awo anakhala patebulo tiyi akuzizira, akulankhula okha.

"Ndevu ndachotsa. Mimba ndamanga. Kwatsala mutu. Kapena ndivale chipewa chofika m'maso?"

Mayi aja anaimitsa makina.

"Abambo, taimirirani."

"Bwanji?"

"Imirirani. Ine ndine mlendo, ndagogoda. Ndipatseni moni."

Anaimirira akung'ung'udza. Manja ananyamuka okha, nafika pamimba, ndipo asanatsike akazi awo anawagwira pamfundo zonse ziwiri, gwi.

"Mukupukuta chiyani? Mwagwira nyama muno?"

A Kafupa anayang'ana pansi. Manja awo anali pamalaya oyera ochapa, zala zitatambasuka, akupukuta mafuta amene panalibe, pa epuloni imene sanavale.

"Ndimachita zimenezi?"

"Munachita pa ukwati wathu, musanandiveke mphete. Anthu aja akaona manjawo saonanso bambo wa m'sewero. Amaona sikelo."

"Ndiye bwanji simunandiuze kale, amayi?"

"Munafunsa msewu wonse. Ine simunandifunse."

Anapita ku butchala atalumbira kuti manja awaphunzitsa mwambo. Kasitomala woyamba atalowa anawaika m'thumba, manja nkutuluka okha. Wachiwiri atalowa anawapinda kumbuyo ngati msilikali, mayiyo nkukwiya kuti amumana moni. Anayesa kugwira kapu, kapu inakapukutidwa pamimba pamodzi ndi madzi ake. Dzuwa lisanakwere kwenikweni anabwerera kunyumba, epuloni ili chinyowere.

"Amayi, mundisokere manja a jekete ku thalauza. Ndipereka moni ndi mutu."

Akazi awo anaimitsa makina. Analowa kuchipinda, nakoka sutikesi ya pansi pa bedi, imene mumakhala nsalu zosavalidwa. Anatuluka ndi epuloni yakale, yochapidwa mpaka kuyera mbuu, yong'ambika pamimba penipeni. Anaiyala patebulo.

"Mukuikumbuka?"

"Ndinkayesa munaitaya."

"Tsiku limene wapolisi anabwera kudzakuuzani za mlamu wanga, ine ndinalipo. Ndinakubweretserani tiyi. Simunalire, simunakuwe, simunafunse kanthu. Munangopukuta manja. Kupukuta, kupukuta, wapolisi wamaliza kulankhula inu mukupukutabe, mpaka nsalu inati kwee. M'butchalamo munali anthu odzaza, ena omwewa akukusekaniwa. Palibe anaseka."

A Kafupa anakhala pansi pang'onopang'ono. Za wapolisi ankakumbuka. Za manja sankakumbuka ngakhale pang'ono. Analowetsa zala pong'ambika paja namasisita nsaluyo nthawi yaitali, mpaka akazi awo anayambanso kupalasa makina kuti asawaonerere.

Kenako anaimirira, nakulunga epuloniyo molimba m'nyuzipepala, naipana m'khwapa. Anadutsira ku butchala kukakhoma loko, chinthu chimene sanachitepo masana ngakhale tsiku limene anadwala dzino. Mayi wa tomato anawaponyera nthabwala, iwo osamva. Anawoloka msewu nkhope ili ndwii, nalowa m'situdiyo.

Bwerezani anali akukonza maluwa a pulasitiki patsogolo pa chinsalu chojambulidwa mathithi, pamene anthu amaima kuti aoneke ngati anayendapo.

"Tseka chitseko, mwana wanga. Ukhale wamthenga."

Anavala epuloni ija, namanga zingwe kumbuyo.

"Malume, bambo wa m'sewero ndi mlonda wopuma ntchito. Epuloni aitenga kuti?"

"Zimenezo ndi zako, ndiwe wolemba. Iwe gogoda."

Anagogoda pa tebulo. A Kafupa anapukuta manja, natambasula dzanja. Mtsikanayo ananena uthenga. Iwo anayambanso kupukuta, osasiya, kenako anakuwa ndi mphamvu yawo yonse kuti, "Mwana wangaaa!" mpaka nyale ya situdiyo inanjenjemera. Kukuwa kumeneko ndi kumene kunafika pakhonde la tomato.

Bwerezani anawayang'ana mutu uli chopendekera.

"Bwerezani. Koma kukuwako kuchotseni, mukumveka ngati mbuzi yakodwa m'waya."

Anabwereza opanda kukuwa. Mtsikanayo anaonerera mpaka kumapeto. Kenako anapukusa mutu.

"Muno zikugwira, chifukwa ndili ndekha. Kuholo akangoona manjawo aseka, ndipo ndi epuloniyo aseka koposa."

"Aseke."

"Malume..."

"Ndati aseke. Mvera, mwana wanga. Iwe umadziwa zithunzi, ine ndimadziwa kuseka. Ndakhala ndikukuyeza moyo wanga wonse. Kuseka kuli ndi polekezera, munthu mpweya umamuthera. Masiku onsewa takhala tikuthamanga kuti tikudutse, dalaivala nkumalankhula anthu akadali pakati. Tisathamange. Ndiima pomwepo mpaka kuwathere."

Bwerezani anayenda uku ndi uku pakati pa maluwa ake. Akamaganiza amaluma cholembera, ndipo tsiku limenelo anachiluma ndithu.

"Chabwino. Koma tichite chonchi. Wamthenga akupezeni mukukonza njinga ya mwana wanu, manja ali bii ndi girisi, kuti pakhale chopukuta chenicheni. Ndipo mukamupatsa dzanja, asalilandire. Manja ake onse akhale pa chipewa. Inu muganize kuti dzanja lanu likadali lakuda."

"Ndiye ndipukutenso."

"Mupukutenso. Ndipo dalaivala ndimuuza kuti akatsegula pakamwa holo isanati zii, ndimujambula chithunzi choipa ndikachipachike pa siteji ya minibasi."

Tsiku la kulawitsa komaliza holo inadzaza kuposa masiku onse, ena kukhala m'mazenera pamwamba pa mabulangete. Anthu sanabwerere sewero. Anabwera kudzaona dzanja lodulidwa ndi kudzaona a Kalaliki akulira ndi ulemu. Wina anali atanenanso kuti a Kafupa ali m'manja mwa apolisi ndipo firiji yawo yalandidwa. Choncho katani itavomera kutseguka, nkutulukira iwo eni ake, ndevu zitayamba kumera ngati udzu wopsa, kunamveka mfuu ngati timu yagoletsa.

"Awatulutsa pa belo!"

A Kafupa sanayang'ane kwa anthu. Anasewera zawo, mawu ali pansi. Pofika kumapeto anali atagwada pambali pa njinga yotembenuzidwa, atavala epuloni yong'ambika, akuzungulitsa tcheni ndi zala. Kunagogodedwa. Dalaivala analowa chipewa chili pachifuwa.

Anaimirira. Manja anapita pamimba.

Holo inagwa monga mwa masiku onse, mwinanso kuposa. Mabenchi analira. "Kafupa! Kafupa!" Iwo anatambasula dzanja, nkhope ili yosangalala kulandira mlendo. Dalaivala sanalilandire. Mlomo wake wam'munsi unkanjenjemera, ndipo sitidziwa ngati chinali chisoni cha sewero kapena ankalimbana ndi phwete, koma anapirira. A Kafupa anayang'ana dzanja lawo, naona girisi, napukutanso mwamanyazi. Kuseka kunakweranso. Anatambasulanso. Dzanja linangokhala m'malere.

Apa mpamene anaima. Thukuta linkatsika m'khosi, koma anamvetsera kusekako monga amamvetserera firiji yawo ikafuna kuzima. Kunayamba kuduka kutsogolo. Kunatsala pakati, kenako kumbuyo, kenako anthu atatu anayi amene ankadzikakamiza. Dzanja lija lili pomwepo. Mayi wina ananena mokweza, osadziwa kuti walankhula, "Iii, bwanji sakuwalandira moni?" Ndipo wina anamuyankha chapansipansi, "Wabwera ndi zoipa ameneyo."

Holo inati zii. Dalaivala analankhula, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu ake anafika mpaka kukhomo: mwana wanu wagwa pa nyumba yosanja dzulo, sanafike kuchipatala.

Dzanja linabwerera pang'onopang'ono pa epuloni. A Kafupa anayamba kupukuta. Kutsogolo kwa dzanja, kumbuyo kwake, chala chimodzichimodzi, nkuyambiranso. Maso sanali pa wamthenga, sanali pa ife, anali pa gudumu la njinga limene linkazungulirabe lokha. M'holo yonse munkamveka nsalu ikukhuzidwa basi. Kumbuyo chidakwa china chenicheni, osati cha m'sewero, chinayesa mwayi: "Kafu..." Sichinamalize. Chikwama cha mayi wa tomato chinachipeza pakhutu.

"Takhalani chete inu, munthu wafedwa!"

Apa bamboyo amayenera kunena mawu aatali amene Bwerezani analemba mosamala, onena za thukuta la amphawi ndi nyumba zosanja za olemera. A Kafupa anatsegula pakamwa, mawuwo kulibe. Anawafuna m'mutu monse, munali mbee. Kuseri kwa katani a Kalaliki, tiwapatse ulemu wawo, anayamba kuwanong'oneza mzere woyamba, kawiri konse, mokweza moti a benchi yakutsogolo anaumva. A Kafupa sanautole. Manja akupukutabe, anafunsa dalaivala ndi mawu aang'ono kwambiri:

"Ndiye mwamusiya ndi ndani?"

Dalaivala, amene funsoli silinali m'mawu ake, anangoweramitsa mutu. Gogo uja anatulutsidwa tsiku lina chifukwa cha kuseka ndiye anayamba, kulira kwenikweni kwa pamaliro, ndipo azimayi a benchi yake anamulandira. Wometa ankayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Katani inakanirira pakati pa waya, ndiye a Kafupa anaima pamenepo akupukuta mpaka a Kalaliki anachita kuikoka ndi manja, tayi ili pa phewa.

Anthu sanaombe m'manja msanga. Atayamba, anaomba nthawi yaitali, koma potuluka ankayenda mwakachetechete ngati akuchokera kumanda. Panja mpamene pakamwa panamasuka. Azimayi ena anamuzungulira dalaivala nkumamufunsa chifukwa chake sanayambe wakhala pansi asananene uthenga wotere, kuti kwawo analeredwa bwanji, ndipo awiri analumbira kuti minibasi yake sakweranso. Mayi wa tomato ankauza aliyense kuti iye sanalire, ndi chimfine. Mkulu wina wokonza njinga anati sewero ndi labwino koma tcheni anachiika molakwika.

Kuseri kwa katani a Kafupa anakhala pa bokosi, miyendo itatambasuka, akupuma ngati anyamula ng'ombe yathunthu. Bwerezani anaima patsogolo pawo manja ali m'chiuno.

"Malume, mwadumpha mawu anga onse. Tsamba lonse."

"Ndinaiwala, mwana wanga."

"A Kalaliki amakunong'onezani."

"Ndinawamva."

Mtsikanayo anawayang'ana, nayang'ana a Kalaliki amene ankapukuta magalasi awo nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

"Inu mukuti bwanji, bambo?"

"Mawuwo ine ndikanawanena onse, osadumpha ngakhale limodzi," anatero a Kalaliki, akukonza tayi. "Koma asiyeni. Ubwana wandikwana."

"Ndiye tsiku lotsegulira muiwalenso chimodzimodzi, malume. Ndipo mufike msanga. Njingayo musaigwetse, ndi yobwereka."

Akazi awo anali ataima pakhomo, kachikwama kali m'manja. A Kafupa anawayang'ana ngati mwana wa sukulu wodikira zotsatira.

"Nanga inu amayi, mwaona bwanji?"

"Mwaonjezera kung'amba. Vulani ndikaisoke, ingakuthereni sewero lisanatsegulidwe."

Tsono za mphekesera ija. A Kafupa sanachotsedwe m'sewero. Tsiku lotsegulira bamboyo anasewera iwo. Chikwanje sichinachoke m'butchala, m'nyuzipepala muja munali epuloni. Chala cha Bwerezani anadzicheka yekha ndi lumo podula zithunzi za pa ziphaso, a Kafupa asanalowe nkomwe.